Chikwama pa khonde la mulamu wanga

"Imililani, bambo," anatelo a hedi atsopano. "Anthu akuoneni."

Sindinaimilile. Ndinakhala pa njelwa yanga, chipewa chili pa bondo. Makolo onse anatembenuka kundiyang'ana. Unali msonkhano wa makolo pa sukulu yathu ku Luembe, pansi pa mitengo ya mango, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

A hedi anaona ngati ndachita manyazi. Anamwetulila.

"Chabwino, khalani. Ndinena ndine. Mwana wamkazi wa bambo awa ali mu giledi 7. Sabata yatha pa desiki yake panalibe munthu. Ndinamva kuti afuna kumutumiza ku Petauke kukalela khanda, mayeso ali pafupi chonchi. Ndinapita kunyumba kwao. Tinakambilana ngati amuna awili. Bambo ake anena kuti mwana sapita kulikonse, alemba mayeso pompano. Kholo ndi limeneli. Tiwaombele m'manja."

Anaomba ndi aphunzitsi okha, nawonso analeka msanga.

Mulamu wanga anali pa benchi la kutsogolo, pamodzi ndi a komiti ya makolo. Ndi mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga. Anaimilila pang'onopang'ono, nasansa fumbi pa buluku.

"A hedi, makutu anga ndi akale. Mwati wanena ndani?"

"Bambo ake a mwana."

"Oo. Bambo ake." Anandiyang'ana, naseka ndi mano okha. "Zikomo. Lelo taphunzila."

Anachoka. Abale ake anamutsatila, amuna poyamba, kenako azimai. Pa mabenchi panatsala mipata. A hedi anayang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene chagwa. Ine ndinadziwa. Mwana wanga anali atatsala pang'ono kupulumuka, ndipo munthu wofuna kumuthandiza ndiye anamukankhila pa lole ya ku Petauke.

Ine kwathu ndi ku Katete. Ku Luembe ndinabwela kudzakwatila, ndipo ndinakhala kwa mkazi. Ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, koma malo ndi a kuchikazi. Munda umene ndimalima anandilozela ndi mulamu. Ana ndinabala ndine, koma mau omaliza pa iwo ali ndi malume wao. Izi si zachilendo kwa ine. Ku Katete nanenso ndili ndi ana a mlongo wanga amene sasuntha ine ndisananene. Kumeneko ndikatsokomola anthu amamva. Kuno ndine mlendo wokhalitsa.

Mulamu si munthu woipa. Makolo ao atamwalila, amene analela mkazi wanga ndi iye. Vuto lake nalonso linali lenileni. Mwana wake wamkazi, wokwatiwa ku Petauke, anabeleka mwa opaleshoni. Sankatha kuwelama, sankatha kunyamula ndowa, mwamuna wake ali pa msewu ndi malole nthawi zonse. Panafunika munthu. Mulamu anayang'ana pa mbumba yake, diso linagwela pa mwana wanga woyamba.

"Ku boma kulinso masukulu," anatelo. "Abwino kuposa ano. Magetsi, mipope, zonse."

Mau amenewo tinawamvapo kale. Mtsikana wina wa pamudzi pathu anapita motelo, yunifomu ili m'chikwama. Anabwelako patapita zaka, yunifomu ija isanavalidweponso.

Ine sukulu ndinalekela pa giledi 5. Zolembedwa pa botolo la mankhwala a thonje ankandiwelengela ndi mwanayu. Akaphonya liu ankabwelela yekha, osadikila kuuzidwa. Ndinkafuna afike kumene ine sindinafike. Sindinauzepo munthu. Sindine wa zokamba.

Mkazi wanga ankadziwa mogwilila mlongo wake. Sanamutsutse. Ankapita kukakhala pa khonde lake, kukamba za mvula, za mbewu, za malemu amai ao. Nkhani ya mwana ankaiponya pothela, ali chiimile, ngati waikumbukila pomwepo. Anatumakonso azakhali ao. Mulamu anayamba kufewa. "Tiona," anatelo tsiku lina. "Mwina ayambe walemba." Munthu ameneyu akati tiona, ndiye kuti wafika pakati pa njila. Chinatsala n'kukhala chete basi.

Ndiye kunabwela a hedi.

Sanali a hedi enieni. Anali wachiwili pa sukulu ina yaikulu ku Petauke boma, ya mpanda ndi geti. Akuluakulu a maphunzilo ankawakonzekeletsa kuti adzapatsidwe sukulu yaoyao. Choyamba anawakhazika m'kalasi ndi anzao, kuwaphunzitsa za utsogoleli. Kenako a m'tauni anawatumiza kumidzi temu imodzi, a kumidzi anawatumiza m'tauni, kuti aliyense alawe mbali imene saidziwa. Ife tinalandila amenewa. Munthu wachinyamata, wamtali, wa malaya oyela, wosatopa. Belu linayamba kulila pa nthawi yake. Chimbudzi cha atsikana chinapeza chitseko. Aphunzitsi okonda kukhala pa mthunzi analowa m'makalasi. Ndinawakonda.

A hedi athu akale, amai achikulile a konkuno, anauzidwa kuti akhale pambali, aziyang'anila, asawagwile dzanja. Masiku amenewo anali ku chipatala ku Nyimba, miyendo itatupa.

A hedi atsopano anabwela kwathu pa njinga yamoto. Njila yolowela kwanga imadutsa pa khomo la mulamu. Iye anali pa khonde, akusema mpini. Njinga sinaime. Inamuthila fumbi, n'kudzaima pa bwalo langa.

"Bambo ake a mwana ndinu?"

"Ndine."

"Mufuna aphunzile?"

"Ndifuna."

"Ndiye ku Petauke sapita?"

"Ine sindifuna kuti apite."

"Basi, zatha." Anandigwila chanza mwamphamvu, nakwela njinga. Podutsanso pa khomo la mulamu anangoimika dzanja, osatsika.

Anandifunsa zimene ndifuna, ndinayankha. Sanandifunse amene amalamula. Ku sukulu yao ya ku boma amaimbila foni bambo wa mwana, akati inde ndiye inde. Ndinkati nkhani yathela pa bwalo langa. Sindinadziwe kuti adzainyamula kupita nayo ku msonkhano.

Msonkhano uja unali Lolemba. Titabwelako, mulamu anabwela kwathu. Sanalowe pa bwalo. Anaima pa malile, pafupi ndi nkhokwe, naitana mlongo wake.

"Longedza zovala za mwana. Ndi yunifomu yomwe. Lole ya Lachisanu akwela."

"Alongo, munati tiona."

"Ndaona. Ndaona pamaso pa mudzi wonse kuti pano pali mwini watsopano." Ine sanandiyang'ane. "Munthu anabwela kuno ndi khasu ndi kabulangeti. Lelo akugamula milandu ndi a hedi."

Ndinali pa khonde. Manja anandiyabwa. Ndinawapanikiza pakati pa maondo.

Mkazi wanga analongedza. Mulamu anatenga chikwama, nakachipachika pa msomali wa pa khonde lake, poonekela. Chinali cha buluu, zipi yake yakufa, chomangidwa ndi chingwe cha thumba la feteleza. Aliyense wopita ku mjigo ankachiona. Ine ndikatuluka m'nyumba, choyamba kuona chinali chimenecho.

Mwana anandipeza ku khola la mbuzi, ndikumanga pamene panagumuka.

"Atate, ndipita?"

"Funsa amai ako."

"Ndafunsa. Anena kuti ndifunse amalume."

Anaima pomwepo, akudikila. Ndinapitiliza kumanga. Atatopa anachoka.

M'mawa mwake tili ku munda, tikusosa, mkazi wanga anaimika khasu.

"Munayankhilanji?"

"Anandifunsa."

"Zaka zonsezi munthu wosalankhula. Pa malilo simulankhula, ku tchalitchi simulankhula. Tsiku limodzi lofunika kutseka pakamwa, mwatsegula."

Ndinatukula khasu, n'kupitiliza kusosa.

"Mwaona?" anatelo. "Panopa mukutha kutseka."

Masana a tsiku lomwelo a hedi akale anandiitanitsa. Anali atabwela ndi galimoto ya ogula nshawa, ndipo nkhani anaimva asanatsike. Ofesi yao ndi kachipinda ka malata, kotentha ngati uvuni wa njelwa. Ndinawapeza atavula nsapato, miyendo ili pa katoni. A hedi atsopano anaima pa windo, manja atapinda pachifuwa.

"Khalani, bambo," anatelo amai aja. "Auzeni anzangawa. Chikwama chili kuti?"

"Pa khonde la amalume ake."

"Lole ndi ya liti?"

"Lachisanu."

"Ndikanena kwa akuluakulu," anatelo a hedi atsopano. "Lamulo lili poyela. Mwana wa msinkhu uwu ayenela kukhala pa sukulu, ndipo makolo ndi bambo ndi mai. Onse awili afuna kuti akhale."

"Lamulo lilipo, sindikana. Mukanena lelo, akuluakulu adzafika mwana atayamba kale kuchapa matewela. Malume adzati wamusamutsila ku sukulu ya ku boma. Mudzamugwila ndi chiyani?"

"Ndiye ndikagwade kwa munthu amene akuchotsa mwana pa sukulu?"

"Inde."

"Ndikatelo, amalume onse a ku Luembe adziwa kuti hedi amagwada."

"Akudziwa kale. Ndagwada zaka zambili, maondo awa ndi mboni. Ana ali m'kalasi."

A hedi atsopano anatembenukila kwa ine. Nkhope inali itada.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Mwana ndi wanu kapena si wanu?"

"Ndi wanga."

"Nanga bwanji simulankhula?"

"Ndikalankhula, akwela lole. Ndikalimbikila, ndibwelela ku Katete ndekha. Ana atsala."

Pa malata panali kulila ndi kutentha. Kenako a hedi atsopano anakhala pa mpando wa ana.

"Ku maphunzilo anatiuza kuti tiziyandikila makolo, makamaka abambo, chifukwa ambili nkhani ya mwana wamkazi amaisiyila mai. Ndinachita zomwezo."

"Munachita bwino," anatelo amai aja. "Khomo lokha ndilo munaphonya."

"Koma si chilungamo, amai. Munthu wabala mwana, wamulela, alibe mau?"

"Zimenezo mudzalimbana nazo mukadzakhala ndi sukulu yanu. Zaka zilipo. Mwana uyu ali ndi Lachisanu."

"Palinso china." A hedi atsopano anapukuta kumaso ndi dzanja. "Lachinayi akuluakulu akubwela kudzaona ntchito yanga. Nkhani ya mwanayu ndinawauza kale pa foni. Ndinati ndaimaliza."

Amai aja anaseka, koma osati mokondwa. "Ndiye mwatsala ndi mailo lokha, Lachitatu."

Anawauza zochita. Njinga yamoto itsale pa sukulu. Apite wapansi. Aodile ali kunja kwa bwalo. Asakhale pa mpando asanapatsidwe, ngakhale pali mipando khumi. Lamulo asalitchule. Ine asanditchule. Anene kuti abwela kwa eni ake a mwana.

"Mupita nane?"

"Anandiuza kuti ndisakugwileni dzanja." Anayang'ana kwa ine. "Inu bambo, mukhale kwanu. Musaponde pa bwalo limenelo."

Sindinkakhulupilila kuti a hedi atsopano apita. Potuluka sanatsanzike munthu.

Lachitatu ndinakhala pa khonde langa ndi lichelo, ndikuswa nshawa za mbewu. Pamenepo bwalo la mulamu limaoneka lonse. Dzuwa linakwela. Njila inali zii. Nshawa zina ndinkaziphwanya ndi zala osazindikila.

A hedi anatulukila dzuwa litapendeka, wapansi, nsapato zoyela ndi fumbi, malaya atamatilila pa msana. Anaima kunja kwa bwalo.

"Odi kuno!"

Mulamu anali kumata chubu cha njinga yake. Sanatukule mutu. A hedi anaodilanso. Kenako analowa pang'ono, nanjuta pansi, naomba m'manja.

Mulamu anapala chubu. Anapaka guluu. Anauzila ndi pakamwa kuti aume. Anamata, napanikiza ndi mwala. Azimai a ku mjigo analeka kupopa madzi. Pa khonde panali mpando wopanda munthu, pansi penipeni pa chikwama. A hedi sanauyandikile. Ndinaona miyendo yao ikunjenjemela. Nthawi ina anatsamila dzanja pansi ngati afuna kudzuka. Akadzuka, zatha. Anayang'ana pa msomali paja, nachotsa dzanja pansi.

Mulamu analowetsa chubu m'tayala, napopa, natsina tayala kuti aone ngati lalimba. Ndipo pamene anatembenuka.

"Aa! Anthu a m'nyumba muno mulibe maso? A hedi a ku boma anjuta pansi ngati wogulitsa nkhuku! Mpando!"

Mkazi wake anabweletsa mpando. A hedi anakhala movutika, miyendo itauma.

"Njinga yanu ili kuti lelo?" Mulamu amalankhula mokweza akadziwa kuti anthu akumva. "Yatha mafuta?"

"Ndaisiya, bambo. Inandipititsa pa khomo lolakwika."

Mulamu anaseka mpaka kutsokomola. Atatelo anatsitsa mau, ndipo sindinamvenso kanthu. Ndinkangoona manja. A mulamu akuloza ku Petauke, akuloza pamimba, kusonyeza bala la mwana wake. A hedi akugwedeza mutu, manja ali pamodzi. Kawili konse mulamu analoza kwanga osayang'anako. Anakamba nthawi yaitali. Pothela anaitanitsa mlongo wake.

Mkazi wanga anabwelako atanyamula yunifomu yokha, yopindapinda. Chikwama chinatsala pa msomali.

"Alola," anatelo. "Koma pali ziwili."

"Nena."

"Ku Petauke ndipita ine, mpaka mwana wao achile."

"Mvula ili pafupi. Mizele?"

"Muunga nokha."

"Chachiwili?"

Anayang'ana yunifomu ija, nayamba kuiwongola ndi chikhatho.

"Mailo, pamaso pa alendo ndi mudzi wonse, a hedi abweze mau ao. Anene kuti wagamula ndi malume. Inu mukhalepo, anthu akuoneni. Koma musatsegule pakamwa. Mukatulutsa liu limodzi, chikwama chikwela lole ndi mwini wake."

"N'chifukwa chake chikadali pa msomali?"

"Inde."

"A hedi avomela?"

"Anayamba akana. Anati zoyamba avomela, koma zokhudza inu ayi. Alongo anati ndiye abwelele mmene anabwelela. Anakhala, nakhala. Avomela." Anandiyang'ana. "Mungathe?"

"Ndi ntchito yanga ya masiku onse."

"Sindikuseka."

"Nanenso."

Lachinayi galimoto ya akuluakulu inafika m'mawa, yofiila ndi fumbi la msewu wa ku Nyimba. Munatuluka amuna awili ndi amai amodzi a magalasi. Anazungulila makalasi, anasuzumila m'zimbudzi, anakhala kumbuyo kumvela mmene a hedi akuyendetsela msonkhano wa aphunzitsi. Ife makolo tinadikila pansi pa mango. Mudzi wonse unabwela, ngakhale amene alibe mwana pa sukulu. Nkhani inali itazungulila.

Mulamu anavala jekete m'kutentha konse kuja, nakhala pa benchi la kutsogolo. Ine ndinapeza njelwa kumbuyo. Ana anakhala pansi m'mizele. Wanga anali pakati pa a giledi 7, yunifomu yake ili ndi mikwingwilima ya m'chikwama. Anaimba nyimbo yolandila alendo. Sindinaimve.

A hedi atsopano anaimilila. Anakamba za belu, za chitseko cha chimbudzi, za dimba la sukulu. Mau ao anali ouma. Kenako anayang'ana ku benchi la kutsogolo.

"Pa msonkhano wa Lolemba ndinalakwa. Ndinalumpha khomo. Mwana amene ndinamunena uja ali pano lelo chifukwa amalume ake, eni mbumba, agamula kuti alembe mayeso. Ndine mlendo, ndikuphunzila. Ndiwathokoza."

Manja a tsiku limenelo anamveka mpaka ku mjigo. Azimai anaimba nthungululu. Mulamu anaimika dzanja m'mwamba ngati munthu wa kampeni. Ndinati zatha. Ndinagwila chipewa.

"Zabwino kwambili," anatelo amai a magalasi aja. Ndiwo anawaphunzitsa a hedi ku maphunzilo a utsogoleli. Anali anthu aulemu, a nkhope yabwino. "Koma a hedi, pa foni munandiuza za bambo. Bambo ake a mwana ali kuti? Timafuna abambo azimveka pa nkhani za ana aakazi. Aimilile, atiuze maganizo ao."

Ndinamva mbuzi ikulila ku mudzi.

"Amai," anatelo a hedi, "bambo ake ndi munthu wosakonda kulankhula."

"Abambo onse amatelo. Mau awili okha."

A hedi akale anayesa kudzuka, atagwila ndodo. "Alendo athu, dzuwa lakwela, ndipo azimai akonza kachakudya ku ofesi."

"Chakudya chidikila, amai. Izi n'zofunika."

Mulamu anatembenuka pa benchi, mkono atauyala pa chotsamila. Anali akumwetulila.

"Alipo, amai. Uyo wa chipewa uyo. Alamu, imililani, alendo akuoneni. Musaope, ndi anthu ngati ife."

Ndinaimilila.

"Eya. Auzeni tsono," anatelo mulamu. "Mwana uyu ndi wa yani?"

Wina anaseka, nabisa nkhope m'chitenje.

Mau anabwela. Sindinawaitane. Anakwela okha kuchokela pamimba, otentha. Ndani anamubeleka pa njinga kupita naye ku kiliniki, malungo atamukomola, mtsinje utadzaza mpaka m'chiuno? Ndani anamusemela kampando kuti azilembela pa khonde? Ndani amalima chimene amadya? Zonsezi zinafika pa lilime. Koma sizinafunike zonse. Liu limodzi linali lokwana. Wanga. Mudzi wonse ukanamva, alendo akanaomba m'manja, ndipo mailo lake ndikanaimilila pa msewu kuona fumbi la lole.

Linaliponso liu lina, limene mulamu ankalifuna. Wanu. Limenelo linakana kutuluka. Ngakhale akanandimanga.

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali atawelamitsa mutu, akupota nsonga ya chitenje pa chala. Ndinayang'ana a hedi. Thukuta linali kutsika m'khosi mwao. Munthu yemweyo amene Lolemba anandiuza kuti ndiimilile, tsopano ankapukusa mutu pang'onopang'ono, kuti ine ndekha ndione. Akuluakulu ake ali pambali pake, sukulu imene ankailota ili m'manja mwao, iye maso ali pa ine.

Mwana wanga anandiyang'ana osaphethila. Sindidziwa chimene ankafuna kuti ndinene. Sindinamufunsepo.

"Bambo," anatelo amai a magalasi mofatsa, "masukani. Pano palibe wokuopsezani."

"Tikudikila, alamu," anatelo mulamu. "Kapena pakamwa munaiwala ku Katete?"

Anthu anaseka, ambili tsopano. Ena mwa osekawo ndinawafolelapo nyumba. Ena ndinakumba nao manda a abale ao. Dzanja linafinya chipewa mpaka chinapindika.

Ndinachiwongola. Ndinachivala. Ndinatembenuka.

Anthu anapatuka kundipatsa njila. Kumbuyo kwanga mau a mulamu anamveka, okwela, okondwa.

"Mwaona, amai? Ulemu umenewo. Kuno timadziwana. Mwana alemba mayeso, ndanena ine. Mlongo wanga, ukatsitse chikwama chija pa msomali, ulongedzemo zako."

"Koma sanayankhe," ndinamva amai aja akutelo. "A hedi, bwanji sanayankhe?"

Zimene a hedi anawauza sindinazimve. Ndinadutsa kumbuyo kwa kalasi ya giledi 7, ndinadutsa pa mbendela. Ndili pakati pa bwalo la mpila ndinamva mapazi akuthamanga m'mbuyo mwanga, nsapato za m'tauni pa nthaka youma. Anaima chapatali.

"Bambo!" Anali a hedi, akupuma movutika. "Bambo, pepani. Imani pang'ono."

Ku mapili kunali kamtambo kakuda, koyamba chaka chimenecho. Munda wonse unali usanaungidwe. Ndinalowa m'njila ya kumunda, osacheuka.